Kukwera Sitima ya Malasha ku Livingstone: Mmene Munthu wa ku Lusaka Angakonzekerere Ulendo

Sitima zimene timaziona zikudutsa kuseri kwa msewu wa Cairo muno mu Lusaka ndi za dizilo zokhazokha, ndipo ngakhale ya TAZARA, imene imanyamuka pa Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam, sinakokedwepo ndi mutu wa malasha chitsegulireni njanji yake m'zaka za m'ma 1970. Choncho munthu amene akufuna kumva fungo la malasha akuyaka, kuona nthunzi ikufwamphuka m'mbali mwa magudumu ndi kukhala m'bogi yamatabwa ngati mmene ankayendera makolo athu, ayenera kupita ku Livingstone, kumene sitima yotchedwa Royal Livingstone Express imanyamula anthu madzulo kuchokera m'tauni kukafika pa ulalo wa Victoria Falls. Ulendo wake ndi waufupi ndipo mtengo wake ndi wokwera ndithu, moti amene angakwere ngati akukwera basi, n'kungokhala pampando kudikira chakudya, adzabwerako akuwerengera ndalama zake. Amene amapindula ndi amene wapita atadziwiratu zoti akaone. Ine ndinapita ndi amalume anga, amene ali mnyamata anachoka ku Katete pa basi n'kudzakwera sitima ya malasha muno mu Lusaka kupita ku migodi, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinazizindikira chifukwa chakuti ndinali nawo iwowo.

Musanagule tikiti ya basi, yambani mwasungitsa malo pa sitimayo. Siyenda tsiku lililonse, imangoyenda masiku owerengeka pa sabata, ndipo mipando yake ndi yochepa chifukwa aliyense wokwera amakonzeredwa malo pa tebulo la chakudya chamadzulo. Imayendetsedwa ndi kampani ya Bushtracks Africa, ndipo malo mungasungitse kwa iwo kapena kudzera ku malo ogona alendo a ku Livingstone. Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America, choncho funsani kuti m'makwacha ndi zingati tsiku limene mukulipiralo, ndiponso ngati pali mtengo wina wa nzika za dziko lino. Pamene mukusungitsa malo, funsaninso mafunso awiri amene anthu ambiri amaiwala: ngati mutu wa malasha ndi umene udzakoke sitima tsiku limenelo, ndi ngati ulendowo udzafika pa ulalo. Makina amene apitirira zaka 90 amafuna kukonzedwa kawirikawiri, ndipo pa njanji iliyonse yosunga sitima zakale pamakhala masiku amene mutu wa dizilo umathandizira kapena kulowa m'malo. Ngati muli ndi ana aang'ono, nenani zaka zawo musanalipire, popeza ulendowu unakonzedwera akuluakulu ndipo pali malire a msinkhu.

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Livingstone ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 480. Mabasi amanyamukira pa Intercity, mu msewu wa Dedan Kimathi, n'kudutsa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba, ndipo kawirikawiri amatenga maola 7 kapena 8. Ndege imatenga pafupifupi ola limodzi kukatera pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula. Langizo langa ndi lakuti mufike ku Livingstone kutatsala tsiku limodzi. Sitima imanyamuka masana akupendeka, cha m'ma 4 koloko, ndipo basi ya m'mawa ikachedwa pang'ono panjira mudzafika mutatopa, muli fumbi lokhalokha, kapenanso mudzangomva wezulo wake ukulira patali. Mukakwera basi khalani chapawindo ndipo muziyang'ana njanji, chifukwa m'madera ambiri imayenda moyandikana ndi msewu, ndipo matauni amene mukudutsawo anamera m'mbali mwake.

Nyengo nayo ndi yofunika kuiganizira. Madzi a mu Zambezi amachuluka kwambiri pa mathithi kuyambira mu Marichi mpaka mu Meyi, ndipo nthawi imeneyo utsi wa madzi umakwera m'mwamba n'kumaoneka muli kutali. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amachepa moti mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha m'malo ambiri, komanso kumatentha koopsa. Ine ndimakonda Juni ndi Julayi, pamene madzi akadali ambiri, udzu wayamba kuuma moti nyama zimaoneka bwino, ndipo mpweya wozizira umachititsa nthunzi ya sitima kuoneka yoyera mbee. Koma dziwani kuti dzuwa likangolowa m'miyezi imeneyi kumazizira kwambiri, choncho juzi kapena jekete musaisiye.

M'mawa wa tsiku la ulendo, pitani ku Railway Museum, nyumba yosungira zinthu zakale za njanji imene ili m'tauni momwemo. Anthu ambiri amaidumpha chifukwa chothamangira ku mathithi, koma kwa ine maola awiri amene munthu angathere kumeneko ndi amene amapatsa tanthauzo ulendo wamadzulo. Malowa kale anali pokonzera mitu ya sitima ya kampani ya Zambezi Sawmills, imene inamanga njanji ya makilomita opitirira 160 kuchokera ku Livingstone kukafika ku Mulobezi kuti izitulutsa mitengo ya mukusi m'nkhalango za kumadzulo. Matabwa a mukusi ndi olimba kwambiri ndipo chiswe sichiwagwira msanga, n'chifukwa chake ankawagwiritsa ntchito ngati mitanda yogonekapo njanji komanso poyala pansi m'nyumba. Pabwalo la nyumbayi paima mitu ya malasha yambirimbiri, ina yadzimbiri, ina yopakidwa utoto, ndipo popeza ndi yozizira mungathe kuiyandikira, kusuzumira m'ng'anjo yake ndi kuona poimirira dalaivala popanda kuopa kupsa. Umodzi mwa mitu imene imakoka Royal Livingstone Express, wa nambala 156, unagwirapo ntchito pa njanji ya Mulobezi yomweyo. Unapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland ndi kampani ya North British Locomotive Company, ndipo ntchito yake ya kunkhalango itatha unapulumutsidwa ndi David Shepherd, katswiri wa ku Britain wojambula zithunzi za nyama zakutchire, amene ankakondanso kwambiri sitima za malasha.

Aliyense amene anawiritsapo madzi pa mbaula n'kuona chivundikiro cha poto chikunjanja wadziwa kale theka la mmene mutu wa malasha umagwirira ntchito. Kumbuyo kwake kuli ng'anjo, ndipo mpweya wotentha wochokera m'ng'anjomo umadutsa m'mapaipi ambirimbiri amene amizidwa m'madzi m'kati mwa chimgolo chachitali chija chimene timachiona kunja. Madzi akawira, nthunzi imasowa kothawira ndipo imapanikizana pamwamba. Dalaivala akakoka chitsulo chotsegulira, nthunziyo imathamangira m'masilinda awiri amene ali kutsogolo, imodzi mbali iyi ina mbali inayo, n'kumakankha pisitoni, chitsulo chimene chimayenda m'kati mwa silinda, kupita kutsogolo ndi kubwerera kumbuyo, ndipo mikono yachitsulo yolumikizidwa ku pisitoniyo ndi imene imazunguza magudumu. Nthunzi imene yamaliza ntchito imatulukira pa chumuni, ndipo potuluka imakoka mpweya kudutsa pamoto, moti sitima ikamagwira ntchito yolemera moto wake umayakanso mwamphamvu. Kupuma kuja kumene ana amakutsanzira akamasewera sitima kumachokera pamenepo, ndipo pa mutu wa masilinda awiri kumamveka kanayi gudumu likazungulira kamodzi. Mukadzakwera mudzayese kuwerenga pamene sitima ikungoyamba kuyenda, isanathamange.

Kumbuyo kwenikweni kwa mutu kumakhala ngolo yonyamula malasha ndi madzi. Ambiri amaganiza kuti chimene chimatha msanga ndi malasha, koma madzi ndi amene amatha mofulumira koposa, n'chifukwa chake m'masiteshoni akale munkakhala mathanki ataliatali. Pamene njanji inkamangidwa kulowera kumpoto, ankaika malo opatukirapo sitima pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 alionse, ndipo Lusaka inayamba mu 1905 ngati amodzi mwa malo oterowo, n'kutenga dzina la mfumu ya mudzi umene unali pafupi. Njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, mu 1906. Likulu la dziko linali ku Livingstone mpaka mu 1935 pamene linasamutsidwira kuno. Ndikamakumbukira zimenezi ndimaona kuti munthu wa ku Lusaka akakwera sitimayi sakuonera za eni ake ayi, akuona mtundu wa makina amene anabala mzinda wake.

Ku siteshoni mufike nthawi ikadalipo, ndipo akakulandirani musathamangire kukhala pansi. Pemphani chilolezo kwa ogwira ntchito kuti mupite kutsogolo kukaona mutu. Moto wake amakhala atauyatsa maola angapo m'mbuyomo, chifukwa chitsulo chozizira chikatenthedwa mofulumira chimawonongeka, ndipo pa nthawi imene inu mukufika mudzapeza dalaivala akuzungulira ndi kachitini ka mlomo wautali, akuthira oyilo pa mfundo iliyonse ya mikono yachitsulo ija. Werengani magudumu a mbali zonse ziwiri: anayi aang'ono kutsogolo otsogolera pokhota, asanu ndi atatu akuluakulu pakati amene amakoka, ndi awiri kumbuyo onyamula ng'anjo. Musagwire paipi iliyonse, ngakhale imene ikuoneka yozizira, ndipo musaime pafupi ndi masilinda sitima ikatsala pang'ono kunyamuka, chifukwa dalaivala amayamba watulutsa madzi amene anadikha m'menemo ndipo nthunzi yotentha imafwamphukira m'mbali.

Amalume anaima pamenepo nthawi yaitali osalankhula, manja ali kumbuyo. Kenaka anandikodola n'kuloza wothira malasha, amene anthu a ku njanji amamutcha fayamani, nati, "Mphwanga, usayang'ane dalaivala, yang'ana uyo wa fosholoyo." Ndinayang'anadi. Munthuyo sankangoponya malasha mulimonse. Fosholo imodzi ankaiponya kutsogolo kwa ng'anjo, ina kumanzere, ina kumanja, ina pakhomo pomwepo, kuti moto uyale mofanana popanda malo oonda olowetsa mpweya wozizira, ndipo pakati pa mafosholowo ankadzutsa maso kuyang'ana kagalasi koonetsa pamene madzi afika. Madzi akatsika kupitirira denga la ng'anjo chitsulo chimafewa ndipo ngozi yake imakhala yoopsa, choncho kagalasi kameneko ndi chinthu chimene anthu awiriwa amachiyang'ana koposa china chilichonse. Amalume anawonjezera kuti utsi wakuda bii ndi wokongola pa chithunzi chokha, koma kwa wodziwa ntchito umasonyeza kuti malasha akuwonongeka osapsa bwino.

Za zovala ndilankhule mwachidule, pakuti ndinaphunzira ndi manyazi. Pa sitimayi amafuna kuti anthu avale mwaudongo ngati opita ku chakudya chaulemu, ndipo ine poganiza kuti ndachita bwino ndinavala shati yoyera imene ndinaisita ndekha m'mawa. Nditaima panja kwa mphindi zochepa mphepo ikuchokera kutsogolo, shatiyo inadzaza timadontho takuda ta mwaye, ndipo nditayesa kusasa ndi dzanja ndinangopaka. Valani zovala zakuda kapena za mtundu wosaonetsa litsiro, ndi nsapato zosaterera chifukwa masitepe a mabogi akale ndi aatali komanso opapatiza. Mukafuna kusuzumira panja valani magalasi, popeza timakala ting'onoting'ono timauluka ndi utsi. Kakalowa m'diso musatikite, koma tsukani ndi madzi oyera kufikira katatuluka. Musatulutse mutu kapena mkono kutali, chifukwa nthambi zaminga zimayandikira njanji m'malo ena.

Mabogi ake ndi akale okonzedwanso, a matabwa opukutidwa bwino, ndipo pali odyeramo, ochezeramo ndi ina imene ili ndi kakhonde koimapo panja. Sitima ikanyamuka pitani ku kakhondeko msanga, koma muzipatsana mpata ndi anzanu pakuti malo ndi ochepa. Poyamba mudzadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, kumene ana amathamangira ku njanji akukweza manja, ndipo ndi ulemu kuwabayibitsa, koma musawaponyere ndalama kapena maswiti chifukwa zimenezi zimawakokera pafupi ndi magudumu. Kenaka nyumba zimatha ndipo mumalowa m'tchire la mitengo ya tsanya ndi milambe ya apo ndi apo, m'dera la Mosi-oa-Tunya National Park. Kumeneko mungaone nswala, mbidzi, njiri, anyani, nyamalikiti ndipo nthawi zina njovu, ngakhale kuti nyama sizipangana ndi munthu ndipo tsiku lina mungangoona anyani okha. Sitima imayenda pang'onopang'ono, moti chithunzi cha pa foni chimatuluka bwino. Malo abwino ojambulira ndi pamene njanji ikukhota, pakuti m'pamene mumaona mutu wonse uli kutsogolo, mikono yake ikupalasa ndipo utsi ukugona pamwamba pa mabogi. Komabe musathere ulendo wonse kuseri kwa foni. Pali zina zimene sizijambulika, monga kugunda kwa magudumu pa mfundo za njanji ndi kusintha kwa kapumidwe ka mutu ukafika pokwera.

Pa ulalo ndi pamene pali mtima wa ulendowu. Unamalizidwa mu 1905, ndipo zitsulo zake zinapangidwa ku Darlington m'dziko la England ndi kampani ya Cleveland Bridge and Engineering Company, n'kubwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenaka pa njanji. Ndi wautali mamita 198 ndipo uli pamwamba pa madzi mamita pafupifupi 128. Amisiri anaumanga kuchokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, akuwolotsa katundu pa chingwe chachitsulo chimene anachimanga pamwamba pa phompho, kufikira mbali ziwirizo zitakumana pakati mu Epulo chaka chomwecho. Cecil Rhodes, amene ankalota njanji yochokera ku Cape Town kukafika ku Cairo, ndi amene anafuna kuti ulalowu ukhale pafupi ndi mathithi kuti utsi wa madzi uziwaza mabogi, koma iye anamwalira mu 1902 asanauone. Njanji inadzera kuno makamaka chifukwa cha malasha amene anapezeka ku Hwange, pakuti sitima za nthawi imeneyo sizikanayenda popanda malashawo. Poima pamenepo ndi bwino kukumbukiranso kuti amene ananyamula zitsulozo ndi kukumba maziko m'matanthwe anali anthu akuda mazanamazana amene mayina awo sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse, ndiponso kuti malowa anali ndi eni ake, Atoka ndi Aleya, kalekale David Livingstone asanafike mu 1855.

Sitima imaima pa ulalopo dzuwa likulowa ndipo anthu amaloledwa kutsika. Pakati pa ulalo ndi pamene pali malire a Zambia ndi Zimbabwe, choncho yendani ndi reji (chiphaso cha unzika) kapena pasipoti yanu, ndipo musapitirire pamene ogwira ntchito akuuzani. Mbali imodzi mudzaona chigawo cha mathithi ndi utsi wake, ndipo pansi pali dziwe lozungulira limene amalitcha Boiling Pot, pamene madzi onse ogwa pa mathithi otambalala mamita 1,708 amapanikizana potuluka pa mpata wopapatiza. Mbali inayo mudzaona Zambezi akukhotakhota m'maphompho akuda. Gwirani foni ndi manja awiri ndipo chipewa muchivule, chifukwa mphepo ya pamenepo imabwera modzidzimutsa, ndipo chimene chagwa chapita. Ngati muli ndi munthu wachikulire mugwireni mkono potsika ndi pokwera. Magalimoto akuluakulu amawoloka imodzi imodzi pa ulalo womwewo, ndipo ikamadutsa mudzamva ulalo ukunjenjemera pansi pa mapazi anu. Zimenezi zisakuopseni, chitsulo chinapangidwa kuti chizitero. Anthu akatanganidwa ndi zithunzi za mathithi, inu bwererani kutsogolo mukaonenso mutu, pakuti mdima ukamayamba kuwala kwa ng'anjo kumaoneka pa nkhope za dalaivala ndi fayamani nthawi iliyonse imene chitseko chake chatsegulidwa, ndipo ambiri sachiona chimenechi.

Kuchoka pa ulalo sitima imakaima pa malo opatukira kutchire, ndipo chakudya chimabwera mbale ndi mbale, pang'onopang'ono, monga amachitira m'mahotela akuluakulu. Nsima musaiyembekezere. Amalume atalandira mbale yoyamba anaiyang'ana, n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, ndiwo zabwera, nanga chakudya chili kuti?" koma pofika mbale yomaliza anali atakhuta. Ngati pali zimene simudya chifukwa cha matenda kapena chipembedzo, nenani pa tsiku losungitsa malo, chifukwa khitchini ya m'sitima ndi yaing'ono ndipo sangasinthe zinthu pa nthawi yomweyo. Sungani ndalama pang'ono za m'manja zothokozera operekera zakudya, ndipo ngati mpata ulipo musaiwale awiri a kutsogolo aja, amene atha madzulo onse ali pa moto.

Mumabwerera m'tauni usiku, choncho konzeranitu galimoto yokakutulani kumene mukugona, kapena tsimikizani posungitsa malo kuti mayendedwe amenewo ali m'kati mwa mtengo umene mwalipira. Basi yobwerera ku Lusaka musungitse ya tsiku lotsatira, ndipo ngati mungathe ikhale ya masana, kuti m'mawa mukaone mathithi ndi mapazi, pakuti nzika za Zambia zimalipira ndalama zochepa pa chipata zikaonetsa reji. Mukatsata kanjira kopita ku Knife Edge mudzafika pamalo pamene ulalo wonse umaoneka uli patsogolo panu, ndipo mudzatha kuloza pamene sitima inaima dzulo lake. M'miyezi ya madzi ambiri mutenge jekete ya mvula ndi kapepala ka pulasitiki kokulungira foni, chifukwa pa kanjira kameneko munthu amanyowa mpaka m'nsapato.